Magemu okoma amatuluka console itakalamba

Kuno ku chigwa console, kutanthauza makina aja oseweretsera magemu pa TV, siifika ili yatsopano, tisanamizane. PS2, kapena kuti PlayStation 2 ya kampani ya Sony, inatuluka ku Japan mu Malichi 2000 koma ambiri a ife tinaigwira koyamba anzathu akunja atayamba kale kukamba za PS3, ndiye PS3 yomweyo inadzayamba kuoneka bwinobwino pa Nchalo, pa Ngabu mpaka ku Bangula pomwe eni ake anali atasamukira kale pa PS4. Imabwera ndi m'bale wochokera ku Joni, kapena munthu wakaigula yogwirapo kale ntchito ku Limbe n'kutsika nayo phiri pa minibasi ataikumbatira pamiyendo. Ena amatiseka kuti timasewera zotsala. Aseke, koma anthu amene amatsata za magemu amadziwa kuti console iliyonse magemu ake abwino kwambiri amatuluka kumapeto, itatsala pang'ono kusiyidwa, pena ngakhale ina yatsopano ili kale m'masitolo. Ndiye ife amene timafika mochedwa timapeza zonse zapsa kale. Vuto ndi loti si gemu iliyonse yotuluka mochedwa imene ili yabwino, pali zina zachinyengo, ndipo munthu ukapanda kudziwa kusiyanitsa umataya ndalama.

Poyamba timvetse chimene chimasiyanitsa console ndi kompyuta kapena foni. Foni chaka chilichonse imatuluka yamphamvu kuposa ya chaka chatha, kompyuta mukhoza kuitsegula n'kuikamo RAM ina, memori ija imene makina amagwirira ntchito akamayenda. Console ayi. PS2 ya mu 2000 ndi PS2 slim imene inatuluka mu 2004 mphamvu zake zoseweretsera gemu ndi chimodzimodzi, RAM ndi 32 MB basi, anangoichepetsa thupi. Chimene chimasintha pa zaka zonsezo ndi mitu ya anthu opanga magemu. Iwowo ndi amene amakula, makina amakhala pomwepo.

Magemu oyambirira, aja otuluka tsiku limodzi ndi console, amapangidwa mothamanga. Opanga amakhala akugwira ntchito pa makina oyeserera amene nawonso sanathe kupangidwa, zida zolembera mapulogalamu zikadali zosapsa, tsiku lotulutsira lakhazikitsidwa kale ndipo silisuntha. Ndiye amangopanga kuti chinthu chiyende basi. Zili ngati njinga ya makala, munthu woyamba kumene amamanga matumba awiri n'kumagwa nawo panjira, koma amene wakhala nayo zaka amasanja matumba mpaka kumubisa mutu, njinga yake yomweyo, masipoko omwewo, kungoti wadziwa pomanga chingwe ndi pamene kulemera kuyenera kutsamira. Akapanga gemu yoyamba amasunga injini yake, kutanthauza pulogalamu imene imayendetsa gemuyo, yachiwiri amayambira pamenepo n'kukonza zimene zinavuta, pofika yachitatu amadziwa kakona kalikonse ka makinawo, ngakhale tinjira timene kampani yopanga console sinaganizepo.

Amene muli ndi PS2 yesani nokha. Ikani Tekken Tag Tournament ya mu 2000 kenako muike Tekken 5 ya mu 2005, muone nkhope, zovala, makoma akusweka. Kapena GTA III ya mu 2001, mzinda umodzi, munthu wake sayankhula n'komwe, ukagwera m'madzi wafa pompo. Patangopita zaka zitatu, mu Okutobala 2004, GTA San Andreas inabwera ndi mizinda itatu ndi midzi yapakati pake, munthu wake CJ akusambira, akupalasa njinga, akunenepa ukamudyetsa kwambiri, ndipo ukuyenda kuchoka mzinda wina kupita wina popanda gemu kuima kuti iyambe yalowetsa kaye. Zonsezo mu 32 MB yomwe ija.

Koma mfumu ya nkhani imeneyi kwa ine ndi God of War II. Inatuluka mu Malichi 2007, PS3 itatuluka kale mu Novembala 2006, tangoganizani. Ikungoyamba kumene Kratos, munthu amene umamuseweretsa, akumenyana ndi chifanizo chachikulu cha ku Rhodes chimene chapatsidwa moyo, dzanja lake lokha likudzaza TV yonse, likuboola khoma, iwe uli kadontho pansipa. Pamalo ena osewerera magemu pa Ngabu ndinaonapo ana amene anabwerera mpira atasiya kukangana za mapedi n'kuima kumbuyo kwa benchi kumangoonerera mnyamata mmodzi akusewera gawo limeneli, pa TV yakale ija ya chimsana, fani ya padenga ikungozunguza mpweya wotentha, wina mpaka kufunsa mwini malo kuti achimwene imeneyi ndi PS3 eti. Inali PS2 yakuda yonenepa ija, yofumbirira, chitseko cha disiki chochita kukankha ndi chala.

Chinsinsi chake n'chakuti gemuyi siimakupatsa kamera kuti uzitembenuza wekha. Opanga ndi amene amasankha pamene ukuyang'ana, ndiye zimene sukuziona sazijambula n'komwe, mphamvu zonse zimapita pa zimene zili pamaso pako. Ndipo mukaona Kratos akudutsa mukanjira kakatali kokhotakhota, kapena akukankha chitseko cholemera iwe ukudinadina batani, dziwani kuti nthawi imeneyo makina akutaya malo amene wachokera n'kumakoka kuchokera pa disiki malo amene ukupita. Iwe umaona ngati ndi mbali ya nkhondo. Nzeru zoterezi munthu sakhala nazo chaka choyamba.

Nanga n'chifukwa chiyani Sony inalola gemu yaikulu chonchi kutuluka pa makina akale pomwe inkafuna kugulitsa atsopano? Ndalama, amwene. Pofika kumapeto kwa 2005 ma PS2 opitirira 100 miliyoni anali atatuluka kale m'mafakitale, pomwe PS3 inayamba ndi mtengo wa madola 499 ndi 599 ku America, ndipo anthu ambiri anayamba adikira kaye. Wopanga gemu amawerenga nyumba zimene muli makinawo. Console ikakalamba imakhala yatchipa, ili paliponse, ndiye kampani ikhoza kuthira ndalama zambiri pa gemu imodzi podziwa kuti ogula alipo. Luso lafika pamwamba, msika nawo wafika pamwamba, zinthu ziwirizi zimakumana kumapeto.

Palinso china chimene anthu sakamba kawirikawiri. Msika ukakula chonchi, ngakhale gemu yachilendo imene singakondedwe ndi aliyense imapeza anthu ake, ndiye makampani amalimba mtima. Shadow of the Colossus ya mu 2005 ndi chitsanzo. Mulibe adani ang'onoang'ono, mulibe mizinda, muli mnyamata, hatchi yake Agro, ndi zimphona 16 zimene uyenera kuzikwera ukugwira ubweya wake uku zikukugwedeza kuti ugwe. PS2 imachita kuoneka kuti ikuvutika, zithunzi zimayamba kudukiza chimphona chikaponda pansi, Fumito Ueda amene anatsogolera kupanga gemuyi ndi anzake anapempha zambiri kuposa zimene makinawo akanatha, komabe palibe chofanana nayo. Okami ya mu 2006 imaoneka ngati chojambula cha inki chikuyenda, ukusewera ngati mmbulu woyera. Anthu oyesa magemu anaitamanda kwambiri koma siinagulidwe bwino, ndipo Capcom inatseka Clover Studio imene inaipanga. Apa ndiye pali kuipa kwa kutuluka mochedwa, maso a anthu ndi a manyuzipepala amakhala ali pa makina atsopano, gemu yabwino n'kudutsa mwakachetechete. Persona 4 inachita kutuluka mu 2008, PS3 ili ndi chaka ndi miyezi, koma imeneyo imafuna munthu wokonda kuwerenga Chingerezi chambirimbiri, si ya pa benchi anthu akudikira pedi. Ofuna mfuti pezani Black ya mu 2006, phokoso lake lokha mudzavomereza.

Pa PS3 nkhani yake ndi yokoma kwambiri chifukwa makina amenewa anazunza anthu. Purosesa yake, Cell, imene Sony inapanga pamodzi ndi Toshiba ndi IBM, inali ndi mutu umodzi waukulu ndi timitu tina tothandizira totchedwa SPE, ndipo opanga magemu ankaloledwa kugwiritsa ntchito 6. Timitu timeneti tinali tachangu zedi koma tosamva zinthu wamba, ntchito umayenera kuidula tizidutswatizidutswa n'kumatipatsira m'njira yake. Ambiri poyamba anangotisiya n'kuunjika zonse pa mutu waukulu uja, n'chifukwa chake magemu ambiri a zaka zoyambirira ankayenda bwino pa Xbox 360 ya Microsoft kusiyana ndi pa PS3, ngakhale PS3 inali yodula. Kuonjezera apo memori yake anaigawa pawiri, 256 MB mbali ino 256 MB ya zithunzi, pomwe Xbox 360 inali ndi 512 MB ya pamodzi yoti wopanga agawe mmene akufunira.

A kampani ya Naughty Dog ndi amene anaphunzira chilombochi pang'onopang'ono anthu akuona. Uncharted mu 2007, Uncharted 2 mu 2009, yachitatu mu 2011, gemu iliyonse akusamutsira ntchito zambiri ku timitu tija, ngakhale ntchito zina zimene zimayenera kugwiridwa ndi chipu cha zithunzi. Kenako mu Juni 2013, kutatsala miyezi isanu kuti PS4 ituluke, anatulutsa The Last of Us. Mukaiyatsa imatenga nthawi kulowa koyamba, mukhoza kukamwa madzi n'kubwera, koma ikalowa basi, nkhani imangoyenda osaimanso. Kuwala kofewa kumene mumaona m'nyumba zogumuka zija sikuti makina akukuwerengera pompopompo, anakuwerengeratu ku ofesi pa makompyuta amphamvu n'kukumata pa makoma. Ndipo paja Joel, bambo amene umamuseweretsa, amanyamula makwerero, kapena kukweza pakhoma Ellie, mtsikana amene akumuperekeza, kapena kutsegula chitseko cha galaja chimene chimatsekeka kumbuyo kwako, zambiri mwa zimenezo zimathandiza kuti makina apeze mpata wotaya zakumbuyo. Ena amadandaula kuti makwerero achuluka, ine sindiwatsutsa, achulukadi. Koma nkhani ya bambo woferedwa mwana amene akuperekeza mwana wa eni kudutsa dziko lowonongeka, mmene nkhope zawo zimagwedezekera akamayankhulana, pa makina a mu 2006, zimenezo zinali zosayembekezeka.

Patangotha miyezi itatu, pa 17 Seputembala 2013, GTA V inatuluka pa PS3 ndi Xbox 360. Achinyamata ambiri amaiona ngati gemu ya PS4 kapena PS5 chifukwa yakhala ikutulutsidwanso, koma kwawo kwenikweni ndi pa makina akale aja a memori yosapitirira 512 MB. Inapanga madola 1 biliyoni m'masiku atatu, umboni wa nkhani ya msika ija. Pa PS3 imayamba yakopera pafupifupi 8 GB pa hard drive, kenako posewera imakoka zinthu mbali ziwiri, ku disiki ndi ku hard drive, kuti mzinda uzifika msanga ukamathamangitsa galimoto. Ndipo paja ukasintha munthu amene ukumuseweretsa kuchoka kwa Franklin kupita kwa Trevor kamera imakwera kumwamba, kuima kaye m'mitambo, kenako n'kutsikira kumene kuli winayo, kukongola konse kuja ndi njira yobisira kuti makina akusintha dera lonse. Anasandutsa chofooka kukhala chinthu chimene anthu amachikonda.

Kale kwambiri, nthawi ya makatiriji, ankachita kubera mwanjira ina. Amene munakulira pa timagemu tija ta makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu masauzande pomwe ndi omwewomwewo obwerezabwereza, makina amenewo anali okopera Famicom ya Nintendo ya mu 1983. Super Mario Bros ya mu 1985 inali ya 40 KB yokha. Kirby's Adventure inatuluka pa makina omwewo mu 1993, patatha zaka khumi makinawo atatuluka, ili ya 768 KB, mitundu ndi mayendedwe ake ukhoza kukana kuti ndi makina amodzi. Katiriji si disiki, mkati mwake muli bolodi, ndiye memori ikatchipa ankaikamo yambiri, pena n'kuikamo chipu chothandizira. Pa Super Nintendo, Yoshi's Island ya mu 1995 inali ndi chipu cha Super FX 2 mkati mwa katiriji chimene chinkatembenuza ndi kufutukula zithunzi. Donkey Kong Country ya mu Novembala 1994 anaijambula kaye pa makompyuta odula a Silicon Graphics n'kusandutsa zithunzizo kuti zikwane pa makina a mu 1990, ndipo inatuluka kutatsala masabata ochepa kuti PlayStation yoyamba ifike ku Japan. Anthu ataiona anayamba kudzifunsa ngati makina atsopano akufunikadi.

Tsopano msampha uja. Pali kusiyana pakati pa gemu imene anaipangira makina akale kumapeto kwa moyo wake, ndi gemu imene anaipangira makina atsopano kenako n'kuifinya kuti ilowe pa akale n'cholinga chongotolera ndalama kwa otsalira ngati ife. Pabokosi dzina ndi lomwelo, chithunzi chomwecho, koma zamkati zachotsedwa. Call of Duty: Black Ops III ya mu 2015 pa PS3 ndi Xbox 360 inalibe campaign, nkhani yonse ija yosewera wekha kunalibe, ndiye kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Marka amene alibe intaneti yokhazikika wagula chiyani pamenepo? Middle-earth: Shadow of Mordor ya mu 2014 chimene chinaitchukitsa ndi adani amene amakukumbukira n'kumakwera maudindo, koma pa PS3 mbali imeneyo anaidula kwambiri ndipo gemu imangodukiza. Cyberpunk 2077 mu Disembala 2020 inayenda moipa pa PS4 yoyamba ija mpaka Sony inaichotsa mu sitolo yake ya pa intaneti, inadzabwereramo mu Juni 2021.

Za mpira ndiye zimatikhudza tonse chifukwa kuno gemu ndi mpira, zinazi ndi zapambali. PS2 inalandira mpira mpaka mu 2013, FIFA 14 ndi PES 2014, chaka chomwe Sony inalengeza kuti yasiya kupanga makinawo. Koma musaganize kuti FIFA 14 ya pa PS2 ndi yofanana ndi ya pa PS3. M'zaka zomalizazo ankangosintha mayina a osewera ndi mayunifomu, kaseweredwe kali kakale komwe. Pa PS3 anachitanso chimodzimodzi, FIFA 19 inalembedwa poyera kuti Legacy Edition, ndipo inali yomaliza. Ndiye mpira wabwino wa console suli pa chaka chomaliza, uli pa chaka chomaliza chimene kampani inali ikuikirabe mtima pa makinawo. N'chifukwa chake akuluakulu ambiri mpaka lero amalumbirira PES 5 ndi PES 6 pa PS2, ndi PES 2013 pa PS3, ndipo madisiki aja mumapeza ali ndi osewera a chaka chino pa PS2 ndi anthu wamba anangosintha mayina pa gemu yakale, si kampani ayi.

Funso lofunsa musanagule ndi lakuti gemuyi anaiyambira pa makina ati. The Legend of Zelda: Breath of the Wild inatuluka pa 3 Malichi 2017 pa ma console awiri a Nintendo, Wii U ndi Switch imene inalowa m'malo mwake, tsiku limodzi, Wii U itasiya kale kupangidwa, koma poti anaiyambira pa Wii U gemu yonse imene ili pa Switch ilimo. Persona 5 chimodzimodzi, anaiyambira pa PS3 ndipo inatuluka pa PS3 ndi PS4 mu 2016 ku Japan, pa PS3 imayenda bwinobwino. Ikakhala yoyambira pa makina atsopano n'kutsikira pansi, yambani mwaiona ikuyenda ndi maso anu musanatulutse ndalama.

Amene mwafika pa PS4 muli pabwino pano. Red Dead Redemption 2 ya mu 2018, The Last of Us Part II mu Juni 2020, Ghost of Tsushima mu Julayi 2020, PS5 n'kudzatuluka mu Novembala chaka chomwecho. Ghost of Tsushima imandidabwitsa ndi mmene imalowera msanga pa hard drive wamba, ukafa sudikira. God of War Ragnarök ya mu Novembala 2022 inatulukanso pa PS4 ndipo ndi yathunthu. Koma magemu amenewa amakama makina mpaka dontho lomaliza, ndiye kutentha kumakwera, fani imalira mpaka oyandikana nawo nyumba kumva. Kwa anzathu a ku Dedza si nkhani, koma kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, m'nyumba ya malata masana ndiye musanene. Musaike console pansi pa simenti pomwe fumbi limasonkhana, musaitsekere mu kabati ya TV, ndipo chikansalu chija amayi amaphimbira kuti isade chichotseni ikamayaka. Kumbuyo kwake kukhale mpata woti mpweya wotentha uzituluka. PS3 yonenepa yoyamba ija ndiye yosapirira kutentha, ikayatsa kanyali kachikasu n'kuzima nthawi zambiri ndiye kuti yapita, slim ndi imene imalimbako. Magemu olemerawa aseweredwe madzulo kukazizirako, magetsi akakhalapo.

Za PS2 pali kena koti mudziwe pogula. Magemu ambiri a PS2 ali pa DVD wamba, koma ena akumapeto monga God of War II ndi Gran Turismo 4 ali pa DVD ya magawo awiri chifukwa cha kukula, ndipo diso la makina likayamba kufooka limayamba kukana madisiki amenewa pomwe mpira likuwerengabe bwinobwino. Wogulitsa wochenjera amakuyesera ndi PES, iwe n'kukhutira. Muuzeni kuti achimwene tayikani God of War II, ndipo musangoona poyambira, museweretu ndithu kwa kanthawi. Oseweretsa pa flashi nawonso adziwe kuti USB ya PS2 ndi ya 1.1, yochedwa kuposa disiki yeniyeniyo, ndiye timavidiyo ta m'kati mwa magemu akuluakuluwa timadukizadukiza, mawu kutsogola chithunzi kutsalira. Pamenepo flashi yanu ilibe mlandu, musavutike kukagula ina.